Ndinasenza Mowa M'dzina la Alamu Anga

1

M'chaka cha 1996 ndinali ndi mayina awiri. Kunyumba ndi kutchalitchi ndinali Mable Matewere, mlongo wawo wa a Wilkins, mkulu wa mpingo. Kuntchito ndinali Marjorie Matewere. Marjorie weniweniyo ndi alamu anga, akazi awo a achimwene angawo.

Musadabwe. Kuno ku Amerika munthu wopanda mapepala amagwira ntchito ndi dzina lobwereka, monga momwe kumudzi timabwerekera sefa kwa aneba. Ndinabwera ngati mlendo wa miyezi isanu ndi umodzi, ana anga awiri nditawasiya kumudzi. Miyeziyo inatha, ine osabwerera. Alamu anga anali atakhoza mayeso a unamwino, ndiye setifiketi yawo yakale yosamalira okalamba inangokhala m'sutikesi. Tsiku lina achimwene ali kuntchito, anaitulutsa.

"Tenga iyi, Mable, ukapezere ntchito. Koma achimwene ako asamve. Ukuwadziwa."

Ndinkawadziwadi. Achimwene amayendetsa galimoto pa ofesi ina yaikulu ku Foggy Bottom, ndipo ndi munthu woti akaiwala n'kutenga cholembera cha ku banki amabwerera kukabweza. Akanamva, akanandikweza ndege sabata yomweyo. Nkhani ikanafika kwa aboma, alamu akanalandidwa laisensi ya unamwino. Choncho achimwene ankangodziwa kuti ndimasesa ndi kuchapa kwa mzungu wina.

Mzunguyo anali a Ottmar, nkhalamba yochokera ku Germany, ya zaka 84, yokhala ku Silver Spring. Miyendo inali itafa ndi sitiroko koma pakamwa panali pamoyo. Ndinkawasambitsa, kuwanyamula, kuwadyetsa, ndipo ndinkagona komweko. Lamulungu m'mawa ndinkakwera basi kupita kwa achimwene ku Hyattsville.

Kumeneko bedi limene ndinkagonapo anagula ndi alamu. Khoti lofiirira limene ndinkavala kukazizira linali la alamu. Dzina lodyera linali la alamu. Ndinkathokoza tsiku lililonse mpaka mawu oti zikomo anayamba kundiwawa pakhosi.

2

Lamulungu lina mu Seputembala amayi tinakhala pamsonkhano wathu m'chipinda chapansi cha tchalitchi chimene Amalawi timabwereka masana. Wapampando anali alamu anga. Anali mayi woti akaimirira kupemphera, ngakhale makanda ankaleka kulira.

Sabata imeneyo wina anandiona ndikutsika mu takisi ya a Sosten pa siteshoni ya Silver Spring, ndili m'thalauzi, pampando wakutsogolo. A Sosten ndi bambo wa banja lake, ndipo anangondinyamula chifukwa kunali mvula.

"Amayi anzanga," anatero alamu, "pakati pathu pali ena ayamba kuiwala kumene anachokera. Thalauzi, mpando wakutsogolo m'galimoto za amuna a eni. Sinditchula dzina. Mwini wake akudzimva."

Dzina sanatchuledi, koma maso onse m'chipindamo analitchula. Ndinayang'ana nsapato zanga, makutu akutentha. Kumudzi kwenikweniko thalauzi anali ataloleza kale, koma ife a ku Hyattsville tinkasunga malamulo amene eni ake anawataya.

Msonkhano utatha, alamu anatulutsa chitenje m'chikwama chawo. Chinali cha chigwirizano cha amayi, chobiriwira, chokhala ndi mtanda komanso dzina la mpingo m'zilembo zikuluzikulu. Kuno zinalipo zisanu zokha, za amayi ovekedwa.

"Uzimanga ichi pamwamba pa thalauziyo ukamayenda," anatero, n'kundisisita paphewa ngati palibe chachitika.

Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi. Zoona, koma khutulo amatsinira kuseri, osati pamaso pa amayi khumi ndi mmodzi. Ndinalandira chitenjecho ndi manja awiri, n'kunenanso zikomo uja. Mkwiyo ndinaupinda pamodzi ndi nsaluyo.

3

Chaka chilichonse mu Okutobala, anthu ochokera ku Germany amachita chikondwerero chachikulu cha mowa pa bwalo lina la zionetsero kumpoto kwa Maryland. Amachitcha Oktoberfest. A Ottmar ankati chenicheni chimachitikira kwawo ku Munich, koma kumeneko sakanakafikanso.

"Marjorie," ankandiitana choncho, "ndisanafe ndikamveko malipenga kamodzi kokha."

Mwana wawo Lorraine anali woumira kwabasi. Anavomera ulendowo nkhope ili gwa, n'kusiya ndalama yongokwanira basi, tikiti yapakhomo ndi chikho chimodzi cha mowa cha bambo ake.

"Chakudya mudyeretu kunyumba," anatero. "Kumene kuja amabera anthu masana."

Koma kuyenda ndi ndalama yochepa musamaphunzitse Mmalawi. Ndinafufuza n'kupeza kuti gulu la nkhalamba zachijeremani limabwereka basi yotchipa, ndipo wokankha chikuku cha wolumala amalowa ulere. Lachisanu ndinaphika mazira, ndinakazinga mandasi odzaza poto, tiyi ndinathira m'fulasiki. Loweruka m'mawa zonsezi ndinaziika pamiyendo pa a Ottmar n'kufunditsa chitenje chobiriwira chija. Alonda apageti anangoona nkhalamba yofunda bwino, n'kutikodola kuti tilowe.

4

Abale, ine ndinakaonako zinthu. Tenti yake inali yoti msika wonse wa ku Limbe ungalowemo, ogulitsa makala omwe. Mabenchi ataliatali, anthu zikwi, azibambo aimvi atavala akabudula achikopa ngati ana a sukulu, mawondo oyera ali pamtunda. Atsikana ankathamanga ndi zikho zagalasi zazikulu ngati majagi, thovu lili tho. Kutsogolo kunali gulu loimba malipenga. Litangoyamba, a Ottmar anavula chipewa n'kuyamba kulira ngati mwana, kwinaku akuimba nawo.

Cholakwa changa choyamba chinali kutulutsa mandasi. Nkhalamba za patebulo pathu zinalawa limodzi, kenaka lachiwiri, ndipo pofika 12 koloko poto anali mbee. Mazira nawo anapita momwemo. Pofika 2 koloko njala inali itatigwira tonse awiri. Fungo la nkhuku yootcha ndi nyama ya nkhumba linkadutsa pamphuno pathu, a Ottmar n'kumatsatira mbale iliyonse ndi maso. Ndinapita kukaona mtengo n'kubwerako msanga. Nkhuku imodzi kumeneko, kumudzi ndi mbuzi.

Apo m'pamene bambo wa pachinkuzamawu analengeza mpikisano wa amayi. Wonyamula zikho zambiri zodzaza kuchokera mbali ina ya tenti kukafika mbali ina, osataya, alandira nkhuku, mwendo wa nkhumba ndi mowa wa anthu awiri.

"Marjorie," anatero a Ottmar, "iwe umandinyamula ine m'mawa uliwonse. Zikhozo n'chiyani?"

Ndinachita chimene mkazi aliyense wa kwathu amachita ntchito yolemetsa ikafika. Ndinachotsa chitenje pamiyendo pawo n'kumanga m'chiuno, pamwamba pa khoti. Sindinaganize n'komwe za mtanda ndi zilembo zija.

Tinalipo amayi asanu ndi awiri. Ena ananyamula zikho zisanu ndi chimodzi, wina wamphamvu ananyamula zisanu ndi zitatu. Inenso ndinakwanitsa zinayi dzanja ili, zinayi dzanja ili, manja n'kudzaza. Patebulo panatsala chimodzi chikundiyang'ana. Ndinaika zonse pansi, ndinapempha sikafu ya a Ottmar, n'kuipota nkhata. Nditanyamulanso zija, ndinauza woyang'anira mpikisano kuti chotsalacho andiike pamutu.

"Pamutu?" anafunsa, maso ali tong'o.

"Pamutu, bambo. Ikani."

Ine ndinakulira ku Chiradzulu, kotunga madzi kutsidya kwa phiri. Ndowa yodzaza ndinkatsika nayo pamiyala yoterera, ndiye kachikho kagalasi pamalo osalala kangandiopse? Ndinayenda khosi lili chilili. Tenti yonse inaphulika. Anthu anakwera pamabenchi, malipenga anayamba kunditsatira, ndipo ine, mutu utakula, ndinagwedezako chiuno pang'ono ndisanafike kumapeto. Dontho silinagwe ngakhale limodzi.

Tinadya mpaka mafuta kufika m'zigongono. A Ottmar anandikankhira chikho changa.

"Wopambana amalawa."

Ndinali ndisanamwepo mowa chibadwire. Kumwa koyamba kunali kowawa ngati kwinini. Kwachiwiri kunali bwinoko. Nditazindikira, ndinali ndikuona pansi pa chikho, ndipo azungu onse anali abale anga.

Kenaka patebulo pathu panafika mtsikana wa nyuzipepala ina yaing'ono ya m'deralo, kamera ili pakhosi, kabuku kali m'manja. Analemba zimene analemba n'kumapita. Ife tinakwera basi ya 5 koloko. Khoti ndi chitenje zinkanunkha mowa, ndiye ndinazisiya ku Silver Spring.

5

Panapita masiku asanu ndi atatu. Lamulungu limenelo achimwene anatitenga pa galimoto pochokera kutchalitchi. Titamaliza kudya anapukuta m'manja, anatulutsa nyuzipepala m'thumba la jekete n'kuiyala patebulo.

Chithunzi chinatenga theka la tsamba. Anajambula chakumbuyo: mkazi wakuda wa duku, khoti lofiirira, manja odzaza mowa, chikho pamutu. Nkhope sinkaoneka, koma mtanda ndi dzina la mpingo wathu zinkawerengeka bwinobwino pachiuno. Pansi pake analemba m'Chingerezi kuti Marjorie Matewere, namwino wochokera ku Malawi, yemwenso ndi wapampando wa amayi pa tchalitchi chake ku Hyattsville, wagonjetsa onse pa mpikisano wonyamula mowa.



"A Yotam, mnzanga wa ku Zambia uja, wandipatsa iyi pamaso pa madalaivala onse," anatero achimwene motsitsa mawu. "Ati, 'Ba Matewere, kansi amadamu banu ni ba champion ba moba!' Ofesi yonse kuseka. Ine mkulu wa mpingo."

Alamu anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anandiyang'ana ine kamodzi kokha, kenaka anayang'ana pansi.

"Si ine, bambo."

"Loweruka limenelo munandiuza kuti muli pa shifiti. Dzulo ndinaimba foni kuchipatala kwanu. Akuti munapempha off. Munali kuti?"

Apa ndinadabwa nanenso. Alamu anga, onama? 

"Sindinganene," anatero alamu.

"Simunganene!" Anamenya tebulo mpaka masupuni kudumpha. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Iwe Mable, umakhala nawo pafupi alamu akowa. Khoti ili ndi la yani? Nsalu iyi ndi ya yani?"

Amuna sadziwa chovala chikasamuka m'nyumba. Ndikanangoti zili kwa ine, nkhani ikanathera pomwepo.

"Ndi za alamu," ndinatero.

Sindinaname. Koma bodza lililonse limene ndinanenapo pamoyo wanga silikufika pa choonadi chimenecho kuipa kwake.

6

Achimwene atatuluka, tinatsala awiri kukhitchini tikutsuka mbale. Alamu anatsegula mpopi kwambiri kuti mawu asamveke.

"Dzina langa linafika bwanji mu nyuzi, Mable?"

Yankho ndinali nditalikonza kale ndikutolera mbale.

"Ndi a Ottmar, alamu. Mtsikana wa nyuzi anabwera ine ndili kuchimbudzi. Iwowo amandidziwa kuti Marjorie. Pepani, sindinadziwe."

Anapitiriza kukwecha poto osandiyang'ana.

"Chabwino. Usanene kanthu kwa achimwene ako. Akamva, Lachisanu uli pa ndege, ine laisensi yapita. Zipola zokha izi."

Sizinapole. Amalawi a kuno tilipo ochepa, ndipo nkhani imathamanga kuposa sitima ya Metro. Wina anakachulukitsa chithunzicho pa makina a kuntchito kwake. Wina anachitumiza kumudzi m'kalata. Pasanathe mwezi, mayi awo a alamu anaimba foni kuchokera ku Mulanje akulira.

Akulu ampingo anakhala pansi. Achimwene anakhala nawo pabwalolo, ati lamulo liribe nkhope. Akuluwo anawafunsa alamu ngati anamwa, iwo anati ayi. Anawafunsa kumene anali tsikulo, iwo anakana kunena. Anawachotsa pa upampando n'kuwaimitsa kudya Mgonero miyezi isanu ndi umodzi.

Lamulungu la Mgonero alamu anakhala pa benchi yakumbuyo okhaokha, Baibulo lili pamiyendo. Ine ndinadzuka ndi anzanga onse, ndinapita kutsogolo, ndinatambasula manja awa amene ananyamula mowa, n'kulandira. Pobwerera ndinadutsa pafupi nawo. Anandisendezera miyendo kuti ndidutse bwino.

Kunyumba achimwene analeka kuwaitana Nangondo, dzina la mfunda limene ankawaitanira akakondwa. Anayamba kunena kuti "mayi awa". Mowawo sunkawapweteka kwambiri. Chinkawadya ndi funso loti mkazi wawo anapita ndi yani kumeneko, popeza mkazi wapabanja sapita yekha kumowa. Anasamukira pa sofa, kenaka analembera ankhoswe kumudzi.

Tsiku lina anandiuza m'galimoto, "Mable, m'nyumba muja watsala ndiwe wondisungira ulemu." Ndinangoyang'ana pawindo.

7

Mu Disembala, masana ena kukugwa chipale, ndinamva kugogoda kwa a Ottmar. Nditatsegula ndinapeza alamu, atavala juzi ziwiri chifukwa khoti lawo linali kwa ine. Anali ataonda mpaka mphete kumazungulira pachala. Nkhalamba inali itagona, ndiye tinakhala kukhitchini.

Anaika envelopu patebulo.

"Muli mafomu umo. Usayine ndi dzina lako lenileni. Ndi a kwa loya wa za mapepala, ali kuseri kwa siteshoni komweku. Anthu ngati ife amationa Loweruka lokha. Akuti njira ilipo yoti ukhale ndi mapepala akoako, koma zitenga chaka ndi theka."

Pamwamba pa mafomuwo panali kakhadi ka ofesi ya loyayo, kolembedwa tsiku limene alamu anakaonana naye koyamba. Ndinaliwerenga kawiri. Linali Loweruka lija.

"Alamu, munali kumeneku?"

"Kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 3 masana, pamzere. Ndikanawauza bwanji achimwene ako? Akanafunsa kuti mapepala a Mable avuta chiyani, nanga akugwira ntchito ndi dzina la yani."

Nthawi imene ine ndinkagwedeza chiuno ndi mowa pamutu, iwo anali pa benchi yozizira, opanda chakudya, kundifunira tsogolo. Kuchipinda a Ottmar anaitana ali m'tulo, "Marjorie!" Tonse awiri tinatembenuka.

Ndinatsika pampando n'kugwada pansi.

"Alamu, ndinakunamizani. A Ottmar sanauze munthu kanthu. Mtsikana uja atafika anali akuwodzera."

Owerenga, inunso ndinakubisirani. Mtsikanayo anafunsa ine, maso ndi maso, kuti dzina langa ndani. Nkhalamba inali m'tulo, panalibe wondikakamiza kukhala Marjorie. Ndikanatha kunena dzina lililonse, ngakhale kukana kumene. Koma ndinayang'ana chitenje chili m'chiuno mwanga, ndinakumbukira maso a amayi aja, ndipo mumtima munabwera kachimwemwe koipa. Ndinatchula dzina la alamu, chilembo chimodzichimodzi, kuti asalakwitse. Za unamwino ndinanena ndine. Za tchalitchi sanandifunse n'komwe. Anali atatseka kale kabuku kake pamene ndinamukoka dzanja.

"Lembaninso kuti ndine wapampando wa amayi ku tchalitchi kwathu ku Hyattsville," ndinatero, ndikuseka.

Zonsezi ndinawauza alamu ndili chigwadire, mamina ndi misozi zili pamodzi. Ndinkayembekezera mbama, ndipo ndinkaifuna.

"Ndimadziwa," anatero.

"Mumadziwa?"

"Kuyambira tsiku lomwe lija patebulo. Nkhalamba yachijeremani ingadziwe bwanji zoti ine ndine wapampando wa amayi? Unayamba wakambapo nayo za chigwirizano?"

"Nanga bwanji simunanene? Bwanji munapitiriza kupita kwa loya?"

"Dzinalo ndinakupatsa ndekha. Komanso tsiku lija ndinakuchititsa manyazi pagulu, ndinalakwa. Koma Mable, mbama yako inali yaikulu kuposa kutsina kwanga." Anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi. "Ndinkangodikira kuti unene wekha."

"Ndikawauza achimwene lero lomwe."

"Ukanena lero, zonse ndavutikirazi zapita pachabe. Akutumiza kumudzi, ana ako awiri aja asiya sukulu. Khala chete mpaka mapepala atuluke. Tsiku limene atuluke, ukagwade kwa achimwene ako monga wagwadira apa. Ine ndipirira. Ukulonjeza?"

"Ndikulonjeza, alamu."

Pano ndiulule china. Atandiletsa choncho, mtima wanga unapepuka. Ndinali ndikulirabe, koma m'kati ndinkathokoza kuti si lero. Pochoka ndinawapatsa khoti lawo. Anakana, ati ine ndimayenda kwambiri pa basi.

8

Alamu anapirira miyezi khumi. Ankhoswe analemba makalata, anaimba mafoni, koma funso linali lomwe lija, munali kuti, ndipo yankho linali lomwe lija. Mu Okutobala 1997 achimwene anawagulira tikiti. Ndinawaperekeza ku bwalo la ndege ndine, ndi takisi ya a Sosten, nditakhala kumbuyo. Pano akugwira ntchito pa kachipatala kena kwawo ku Mulanje, ndipo kumeneko anthu amawanong'ona kuti ndi mayi uja anathamangitsidwa ku Amerika chifukwa cha mowa.

A Ottmar anamwalira chaka chomwecho. Mpaka tsiku lomaliza ankauza aliyense wobwera kudzawaona za Marjorie wawo amene anasenza mowa pamutu.

Alamu amandilembera kalata miyezi iwiri iliyonse. Sadandaula. Amanena za mvula, za ana anga amene amakawaona, za mtengo wa feteleza. Amafunsa ngati achimwene akumwa mankhwala awo a BP. Ndipo kalata iliyonse imatha ndi funso limodzi: "Nanga mapepala aja atuluka?" Ine ndimayankha kuti loya akuti tidikirebe.

Lamulungu lapitali amayi anachita chisankho. Tsopano ndine wovekedwa, thalauzi ndinasiya kalekale, ndipo ndimapemphera mokweza. Anandisankha kukhala wapampando. Ankaomba m'manja ndi kululutira, achimwene anandigwira chanza pamaso pa mpingo, ati dzina la Matewere layeretsedwa. Nditafika kunyumba ndinasanza. Kenaka ndinatenga pepala n'kuyamba kulemba zimene mukuwerengazi.

Owerenga anzanga, musanene kuti unali mowa. Mowa unangotsegula chitseko, koma chimene chinatulukamo ndinachiweta ndekha. Munthu akakudyetsa, kukuveka ndi kukubwereka dzina lake lomwe, umatopa n'kuthokoza, ndipo ukapanda kusamala umayamba kulakalaka kumuona atagwa, kuti mulingane msinkhu. Ngati muli ndi wina amene anakunyamulani, ndipo mwayamba kuwerenga zolakwa zake, dziopeni. Amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga sunanditsate ine. Unatsata munthu wosalakwa mpaka kumutulutsa m'nyumba mwake.

Ambiri olemba m'magazini ino amabisa mayina. Ine sindinasinthe ngakhale limodzi, chifukwa ndikudziwa kuti imafika ku Hyattsville m'masutikesi a obwera kumene, ndipo ku Mulanje anamwino amabwerekana mpaka masamba kuthothoka. Kuyankhula pamaso ndalephera zaka zitatu, ndiye ndinene pano.

Achimwene, msana uli pa chithunzi chija ndi wanga. Akazi anu sanalawepo mowa, ndipo mwamuna wina panalibe. Loweruka lija anali pamzere kwa loya chifukwa cha mlongo wanu.

Alamu, inu mukudikirabe tsiku limene ndinalonjeza. Mapepala aja anatuluka chaka chatha, mu Epulo.